Ndinaonera Pagalasi

14 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndili bwino, kungoti masiku ano mu labu sindikulowamo.

Mukukumbukira ntchito yanga ija munkaiseka kuti ndikuweta fumbi? Ndi tizidutswa ta golide tosaoneka ndi maso. Timativeka tinthu tiwiri, tina tokonda madzi, tina todana nawo. Tikatiika m'mankhwala osungunulira, mankhwalawo amaoneka ngati madzi ofiira. Ukamadonthezeramo madzi pang'onopang'ono, mbali yodana ndi madzi imabisala, ndipo tizidutswato timasanjana tokha mpaka kupanga timipira tamphako m'kati, toti mwina tsiku lina tidzanyamule mankhwala m'thupi. Koma kwa ine takhala tikukana kuyambira chaka chatha, kumangoundana pansi pa botolo ngati matope.

Mwezi watha ndinauza abwana zomwe adokotala anapeza. Iwo anati, "Ndiyetu mankhwala osungunulira aja musawagwirenso. Fungo lake ndi loopsa kwa munthu woyembekezera." Inde amayi, ndi mmene zilili. Ndimafuna ndidzakuuzeni pamaso, koma ndalephera kupirira.

Ntchito yanga anaipereka kwa mnzanga wina amene timamutcha Wamtali. Ndinakalira kuchimbudzi poganiza kuti ndalima ine, wokolola akhala wina. Njira yonse ndinamufotokozera, koma monyinyirika.

Lachinayi anabwera mu ofesi n'kunena kuti, "Achemwali, kaimeni pagalasi la chitseko. Ine ndine manja chabe, muzindiuza zochita." Ndinaima m'khonde, iye akudontheza, ine ndikulozera ndi chala. Madzi ofiira aja anayamba kusanduka a buluu, osaundana ayi. M'mawa mwake makina oonera tinthu tating'ono anaonetsa timipira tozungulira bwinobwino. Wamtali anauza abwana pamaso pa onse kuti njirayo ndi yanga.

Ndinasangalala, komabe china chikundisowetsa mtendere. Dzanja lake ndi lodekha, pomwe ine ndinkafulumira. Mwina m'manja mwanga zikanakanabe mpaka lero. Sindinamuuze zimenezi.

Mkamwini wanu akuti moni. Wayamba kale kuyeza chipinda chaching'ono chija ndi chingwe, ngati kalipentala. Ababa musawauze kaye, ndiwaimbira ndekha. Adokotala akuti mwanayu abadwa mu Ogasiti. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo miyendo yanu ndi yovuta, choncho sindikukukakamizani. Koma amayi, ndikuopa. Mukatha, bwerani.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira