Laputopu yanu inali yofunda

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Nabvutika tilipo. Achemwali a Tisa anachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Mtedza wa ku Tamanda tinakolola, ngakhale chiswe chinatilanda mizere yakumunsi. Ine digiri ikadali m'sutukesi.

Nkhani ndi laputopu yanu ija munkalembera mayeso a ana asukulu. Amalume anagamula kuti katundu wanu asakhudzidwe mpaka tidzamange chiliza, ndiye atate anaifunditsa kansalu pakabati. Chiliza chake chaka chamawa, Amayi! Makampani akufuna makalata ofunsira ntchito lero, ndipo pasiwedi munapita nayo.

Ndinapeza njira. Ku kafe ya intaneti ndinatsitsa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, n'kuiika pa fulashi yopanda kanthu, poti kutero kumafufuta zonse za pafulashipo. Atate akangopita kudimba ndimavundukula kansalu, kubaya fulashi, kuyatsa, n'kumadina batani la F12 mpaka makina afunse poyambira. Ndimasankha fulashi, makina n'kuyamba osafunsa pasiwedi. Zanu zam'kati sindizikhudza n'komwe, ndipo ndikazula sipatsala chizindikiro. Ndinkadziuza kuti kumeneko si kuphwanya mwambo.

Paja munkati ine ndimakumba mbatata zisanakhwime. Lachiwiri atate anabwera msanga, mvula itawapitikitsa. Ndinazula fulashi, kufunditsa, n'kukhala pampando ngati mlendo. Sindinkadziwa kuti akamalowa m'nyumba amayamba asanjika dzanja pakansalu paja. Anapeza pofunda. Anaima nthawi yaitali dzanja lili pomwepo, kenako anakhala pansi n'kumalira mwakachetechete. Tsiku limenelo anadya bwino koyamba chichokereni inu. Amalume auzidwa kale kuti munabwera kudzationa.

Tsopano ndikanena zoona, ndiwalanda inu kachiwiri. Ndikakhala chete, adzasanjika dzanja n'kupeza pozizira, aziti mwawakwiyira. Dzulo ndinaiyatsa dala asanafike, ndilibe choti ndilembe, kuti ingofunda. Apa m'pamene ndinadziopa ndekha. Ndikunamiza bambo wanga m'dzina lanu, Amayi.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndiwakhazika pansi, ndiwaikira fulashiyo m'manja, ndiwafotokozera zonse. Amalume ndikawauza ndekha. Ntchito idikire, ngakhale kudikira n'kumene sindikutha. Ndalonjeza, ndipo sindiiyatsanso mpaka chiliza. Mundithandize kokha kusankha mawu, poti amuna anuwa munkadziwa powayambira ndinu.

Ndimakukondani,
mwana wanu wopupuluma uja,
Dalitso