Tambala wa M'kalasi

Multan,
12 Meyi 2019

Okondedwa Achimwene Tauqeer,

Ndi ulemu wonse ndikulengeza kuti banja lathu, lomwe silinawetepo ngakhale nkhunda, tsopano lili ndi tambala. Dzina lake ndi Sarmad, mng'ono wanu. Aphunzitsi amamuveka udindowu akaiwala masamu: kunyonyomala, manja kudzera pansi pa mawondo n'kugwira makutu, mutu pansi. Chilango cha "tambala" chomwe chija munkachikhoza inu kuposa mayeso.

Kungoti inu simunagwepo padenga pothamangitsa kaiti ngati iye. Adokotala anati mutu umenewu usazondoke, usawombedwe ndi dzuwa, usamve phokoso, ndipo asukulu adziwitsidwe. Amayi anamva zonse kupatula chomalizachi. Kusukulu anakanena kuti mwana anadwala tayifodi, pakuti akazi a ahedi ndiwo azakhali a Wajahat, wonditomera uja.

"Ufuna akuchimuna amve kuti kuno kuli wozungulira mutu?" Amayi amatero. "Kwatiwa kaye, mwanawe. Mutuwo udikira."

Mutu sunadikire. Lachiwiri Sarmad anabwera kuchokera kusukulu atasanzira yunifolomu. Anakhala pakhonde, chapati m'manja, osaluma.

"Achemwali, pansi pakupendekeka," anatero.

"Idya, tambala iwe, ulire bwino mawa," ndinamuseka. Koma pondiyang'ana, diso lamanzere linkatsalira m'mbuyo. Kenaka anafunsa kuti Abambo abwera nthawi yanji kuchokera kumsika, Abambo omwe aja iye anawaperekeza kumanda.

M'mawa mwake ndinatenga digiri yanga, yomwe mpaka pano inkangosenda anyezi, n'kukaulula zonse kwa ahedi. "Osanena kale bwanji, mwanangu?" anatero mwachifundo, dzanja lili kale pafoni. Anachita bwino ndithu: utambala watha, Sarmad azikhala pafupi ndi khomo, aziweruka dzuwa lisanakwiye. Mawa tikukajambulitsanso mutu. Adokotala pafoni sanaseke nthabwala yanga ngakhale imodzi, ndiye ngati abwana anu ku Muscat ali ndi mtima, pemphani tchuthi. Muwaimbirenso Amayi, ine sakundiyankhula.

Sarmad akupereka moni, ngakhale dzina lanu ndachita kumukumbutsa. Azakhali a Wajahat sanasiye moni. Anabwera dzulo kudzatenga mphete ya chitomero, tiyi anakana, ndipo mpheteyo itakanirira pachala changa anadikira moleza mtima mpaka tinapeza sopo. Ndinaseka, mukundidziwa.

Koma Achimwene, mnyamata uja ndinkamufuna.

Ndine mlongo wanu,
Rukhsar