Mpopi wa Kuseri kwa Wodi ya Ana

Blantyre
14 Novembala

Achimwene a Fyson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana uja unasiya kuvuta? Ine kuno thupi lili bwino, mutu wokha ndiwo umangoyendayenda.

Masiku ano ndikaima m'wodi ya ana n'kumayang'ana diripi ikudontha, ndimangopezeka ndili ku Kasinje. Ndimaona mpunga utangowokedwa kumene, madzi ali mbee m'minda, akakowa akuponda pang'onopang'ono ngati safuna kunyowa. Mwana akalira m'pamene ndimabwerera ku Blantyre. Anzanga amati ndimagona maso ali tong'o.

M'kalata ya mwezi watha ndinakuuzani kuti unamwino ndatopa nawo, ndipo ndinapempha kuti mundisungire chigawo cha munda wakudambo. Chifukwa chake sindinachitchule, lero ndinene. Tinali ndi kamtsikana ka zaka zinayi, Alinafe, kamene anabwera nako malungo atakula kale. Kanatisiya Lachitatu m'mawa. Ndinakatseka maso, ndinakakulunga m'chitenje cha mayi ake, kenako ndinakamwa tiyi ndi mandasi awiri, ndipo anandikomera. Mayi ake pondidutsa pakhonde anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinaberekapo. Achimwene, ndinadziopa ndekha. Zaka zisanu ndi chimodzi osagwetsako msozi pantchito, ndinaganiza kuti mtima wanga unafa kalekale ine osadziwa. Kalata yosiya ntchito ndinalemba tsiku lomwelo.

Ndisanaipereke ndinakaionetsa kwa Mayi Janeti, namwino wamkulu wa wodi yathu, amene atsala pang'ono kupuma pantchito. Sanandinyengerere. Anangofunsa chimene ndimachita ndikatseka maso a mwana. Ndinati ndimavula magolovesi n'kupita pa bedi lina. Iwo anafunsanso ngati kwathu adzukulu akachoka kumanda amangofikira kulowa m'nyumba, dothi lili kumapazi.

Pamenepo ndinakuonani inu. Ndinakuonani mukutsetserekera kumtsinje ndi adzukulu anzanu, makasu ali paphewa. Mumatsuka makasuwo mosafulumira, n'kusamba mpaka m'mawondo, kwinaku mukusekana za amene anayamba kupuma befu dzenje lisanafike m'chiuno. Mukukumbukira kuti pa maliro a aphunzitsi a Kenneth ndinakukalipirani pagulu kuti ndinu anthu opanda chisoni? Inu munangopitiriza kukwecha khasu ndi mchenga. Ndinali mwana wasukulu wodziwa zonse. Pepani, achimwene.

Kuseri kwa wodi yathu kuli mpopi, patsinde pa mtengo wa mango. Tsopano mwana akatisiya, ndikamaliza zonse ndimapita kumeneko. Ndimasamba mpaka m'zigongono, ndi kumaso komwe, n'kutchula dzina lake kamodzi. Madziwo ndi ozizira, ndipo ndikatsinzina amamveka ngati a mumtsinje wa kwathu. Nthawi zina Mayi Janeti amanditsatira, n'kumandiseka kuti ndimasamba ngati bakha. Sabata yatha ndinatchula dzina la Alinafe, ngakhale kuti panali patapita masiku ambiri. Ndinalira mpaka yunifolomu kunyowa pachifuwa. Nditatha ndinabwerera m'wodi, n'kukabaya mwana wina jakisoni.

Sindinganene kuti ndachira. Masiku ena ndimalakalakabe kukwera minibasi n'kukatsikira pa Kasinje, ndivule nsapato, ndilowe m'matope osayankhula ndi munthu mpaka dzuwa kupendeka. Koma maganizo amenewa sakundithamangitsanso ngati kale. Amabwera, timakhala limodzi pang'ono, n'kupita.

Pempho langa ndi limodzi. Munda uja musandisungirenso. Mupatseni mng'ono wathu Nomsa awokemo mpunga chaka chino, mvula isanapite patali. Pa bedi limene Alinafe anagonapo pali mwana wina amene dzulo wayamba kumeza phala, ndipo amakana kubayidwa ndi wina aliyense koma ine. Kalata yosiya ntchito ija ndinayatsira mbaula.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali a ku Kandeu, amalume, Nomsa ndi ana onse. Adzukulu anzanu muwauze kuti ku Blantyre kuli mnzawo.

Tsalani bwino,
ndine mlongo wanu,
Sellina