Chidindo cha Alamu Anu m'Mwezi wa Mizimu

Bedok, Singapore
4 Sepitembala

Okondedwa achimwene a Kok Wah,

Muli bwanji nonse ku Kampar kumeneko? Nanga bondo la amayi lija lasiya kutupa? Ife kuno tili moyo, ana akupita kusukulu, buledi akutuluka. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa amayi amatchera khutu inu mukamayankhula, ndipo nkhani iyi sindikufuna aimve. Mukawerenga muing'ambe.

Nkhani yake ndi ya magetsi a kubekale kwathu. Kwathu ku Kampar kampani ya magetsi ndi imodzi, bilu ikabwera mumangotukwana n'kulipira. Kuno ogulitsa magetsi ndi ambirimbiri, aliyense ndi mtengo wake, ndipo umasainirana nawo mgwirizano wa zaka ziwiri. Wathu unkatha pa 31 Ogasiti. Kalata inabwera mu Julaye yonena kuti tikapanda kusankha kwina, atimanga okha zaka zina ziwiri pa mtengo wokwera. Alamu anu a Teck Hin anaitsindira pansi pa chitini cha tiyi n'kuiwala. Ndinaipeza patatsala sabata imodzi. Nditaona mtengowo ndinadziwa kuti uvuni umodzi mwa atatu athu aja uzimitsidwa, ndipo antchito awiri tiwauza kuti azipita.

Apa m'pamene panatulukira Desmond Quek. Pakhadi lake analemba kuti ndi mlangizi wa za magetsi, koma ine ndimangoti dobadoba. Munthu sanagwirepo waya, fyuzi sadziwa pamene imakhala, koma akugulitsa magetsi. Ntchito yake ndi kufunsa mitengo kumakampani n'kudzakuonetsa ngati akukuchitira chifundo. Anabwera atadzithira perefyumu wopha fungo la buledi, akunyamula miyendo kuopa kuti nsapato zake zingadetsedwe ndi ufa. Asanakhale n'komwe pansi anali atanditchula kale bwana wamkazi kasanu. Akuti thandizo lake ndi laulere. Nditamupanikiza anavomera, uku akuseka, kuti kampani imamupatsa kangachepe pa yuniti iliyonse imene tigwiritse ntchito. Ndiye kuti buledi aliyense amene ndiphike zaka ziwiri zikubwerazi, Quek alumako.

Ndisaname, mtengo umene anabweretsa unali wabwino. Koma unali wa masiku atatu okha, ndipo mwezi wa mizimu unali utalowa kale. Alamu anu atangomva za kusaina anakwinya nkhope ngati ndawatukwanira makolo. Anati mwezi uno munthu sakwatira, sasamuka, sadinda pepala lililonse, chifukwa mizimu ili panja ikuyendayenda. Chidindo cha kampani anachitsekera m'kabati ya pansi pa guwa la makolo. Munthu yemweyu ndi amene anagonera kalata mwezi wathunthu. Akufa amawaopa, koma kampani ya magetsi ayi.

Ndinawafunsa ngati mizimuyo idzawalembe ntchito a Rosnah, amene akhala akutikandira ufa zaka khumi ndi ziwiri. Anandiyankha kuti ndinaleredwa m'nyumba yopanda mwambo. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa nyumba yake ndi yomweyo imene munakuliramo inuyo.

Tsiku lachitatu, alamu anu atapita kukasiya buledi m'malo omwera khofi, Quek anabweranso. Ndinamufotokozera momwe zinthu zilili, ndikuganiza kuti adandaula. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anakokera mpando pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana wamkazi, musavutike mtima. Mwezi uno amandidindira ndi azimayi. Inu dindani lero, mwezi wamawa ndibweretsa pepala lina mu envulopu yofiira yamwayi, abwana adzadinde pa tsiku lawo labwino. Timajambulanso ndi chithunzi chomwe."

Tangoganizani, achimwene. Maenvulopu ofiirawo amayenda nawo m'chikwama, mulu wathunthu. Amadyera pa mantha a amuna ndi mabodza a akazi awo, ndipo amanyadira ngati ndi ukatswiri. Ndinamuyang'ana. Kenako ndinakatenga kiyi m'chitini cha tiyi chomwe chija, ndinatsekula kabati, n'kudinda. Dzina langa lili pa mapepala a kampani, choncho lamulo sindinaphwanye.

Alamu anu ndinawauza kuti Quek wachonderera kampani yakale kuti itidikire mwezi umodzi. Anakhulupirira osafunsa kanthu, mpaka anamutumizira bokosi la makeke. Akuti mnyamata wotere ndi wosowa masiku ano, wolemekeza mwambo. Ndinalowa m'chipinda chosungira ufa kuti asaone nkhope yanga.

Mauvuni onse atatu akuyaka, a Rosnah akukanda ufa wawo osadziwa kanthu. Koma ine mtima suli m'malo. Dzulo mwana wathu Hui Xin anadzuka akutsokomola, ndipo ndinangozindikira ndili kuseri kwa bekale ndikufukiza lubani, ine amene ndimaseka zimenezi. Alamu anu akadzadziwa, chilichonse chimene chidzalakwike m'nyumba muno chidzakhala cha ine: mwana akadwala, galimoto ikagunda, buledi akapserera. Mukuwadziwa, sadzaiwala, ndipo sindikudziwa ngati banjali lingapirire. Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti munthu yekhayo wodziwa chinsinsi changa mu Singapore muno ndi dobadoba ameneyu, ndipo akamadutsa amanditsinzinira diso ngati mnzake.

Pempho langa ndi ili. Lamlungu alamu anu aimba foni kupempha amayi kuti awaonere tsiku labwino lodindira m'buku lawo la masiku lija. Chonde mukhale pafupi. Tsikulo lisapitirire pa 30 Sepitembala, chifukwa bilu ya kampani yatsopano ikafika iwo asanadinde, zonse ziululika. Amayi akayamba kutsekula masamba opitirira tsikulo, muwauze kuti kuwala kwachepa, muwawerengere ndinu.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu anga a Lai Peng ndi ana, komanso kwa azakhali a ku Gopeng. Ndipo mukamakawotchera malemu abambo nsembe ya ndalama zamapepala sabata ino, muwanong'oneze kuti wadinda ndine. Ngati pali amene wakwiya kumizimuko, abwere kwa ine, Hui Xin amusiye.

Ine mlongo wanu,
Siew Kuan