Magazi Ake Atsale

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsiku lathu lomaliza tinapita kuchipatala ngati Lachisanu lililonse. Mkazi wanga anavala juzi yake yobiriwira, poti pabenchi paja pamazizira. Namwino wa kafukufuku anamutenga magazi. Pobwerera tinakangana za sopo amene ndinaiwala kugula. Basi. Ndimafufuza china chachikulu choti ndikumbukire, koma palibe.

Lachinayi, 6 Malichi

Namwino waimba foni. Magazi aja akadali mufiliji, akuti ndisankhe ndine: awataye kapena apitirize kuwayeza. Wandifotokozeranso zomwe ndikudziwa kale. Munthu akamaikidwa magazi pafupipafupi ngati malemuyu, ayironi amachuluka m'thupi n'kumawononga mtima. Iwo akuyeza felitini, puloteni yomwe imasunga ayironiyo, kuti kwa ena aziona ngozi msanga.

Mkazi wanga ankati, "Bambo, maginito musandiyandikize, ndingamatirire."

Loweruka, 8 Malichi

Kwabwera alamu, achimwene ake. Mpando akana.

"Anthu aja anamutha magazi mlongo wanga. Akataye, apo ayi atipatse tikakwirire."

Ndawafunsa kuti, alamu, pabenchi paja munakhalapo liti? Ayang'ana kudenga. Potuluka amenyetsa chitseko, juzi n'kugwa pamsomali. Ndaikolekanso.

Lolemba, 10 Malichi

Mpunga wandipserera. Ndadya momwemo.

Lachitatu, 12 Malichi

Mwana wathu waimba akulira. Amalume ake akuti ndikakana, pakhomo pano sadzapondanso, naye asadzawatchule amalume. "Adadi, ingovomerani, kukhale mtendere."

Ndamuuza kuti amayi ako mkono ankatambasula okha, palibe anawagwira. Tsiku lina anadzuka akunjenjemera, ndikuwaletsa, iwo nsapato avala kale. Ndiye ine ndiwatsutse lero poti sangandiyankhe?

Wadula foni. Ndi mwana wanga, adzaimbanso.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndalongedza madiresi, nsapato ndi chikwama chake, ndakatula pakhonde pa alamu. Akuti, "Nanga za magazi zija?" Ndati zanu ndi izi, zija mwiniwake anapereka kale.

Kuchoka apo, kuchipatala. Ndauza namwino kuti magaziwo atsale.

Pabenchi ndapeza mayi wina amene ankakhala moyandikana ndi mkazi wanga, manja atapisa m'khwapa. Wandifunsa kuti anzanga ali kuti lero. Ndamuuza. Wangoyang'ana pansi. Ndatulutsa juzi mujumbo. Wakana kaye, kenaka wavala. Manja a juziyo amutalikira.

Namwino atamuitana, wadzuka akupinda dzanja la juzi kufika pachigongono.