Ababa pa Mlandu wa Mbuzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno ku Milonde tadzuka, ndipo amayi chifuwa chija chinasiya.

Imvani za ababa. Mesenjala anabweretsa kalata yoti akakhale mmodzi mwa akulu atatu olangiza Bwana Disi, mzungu wolamulira pa Boma uja, pa mlandu. Ndinawatsogolera ndine mpaka ku Boma. Kalaliki ataona maso awo anati, "Pepani madala, osaona timawakhululukira, bwererani." Ababa anati, "Ndalakwa chiyani choti mundikhululukire? Mlandu amamva ndi makutu." Bwana Disi anawalola kukhala.

Wozengedwayo anali mkulu wina wa ku Likhubula. Mwamuna wa mlongo wake ndiye anamusumira kuti anaba mbuzi m'khola. Akulu awiri aja anangoona nsanza za mkuluyo n'kuyamba kunong'onezana kuti ndi mbala. Ababa anafunsa wodandaulayo kuti, "Mbuziyo inathera kuti?" Iye anati inaphedwa pa maliro a mwana wake. "Nanga nyamayo inu simunadye nawo?" Munthu uja anavomera kuti anadya nawo. Ababa anafotokozera mzunguyo kuti mwini mbumba akatenga mbuzi kwa mlongo wake kuti aike maliro a mwana wa mlongoyo, si kuba ayi. Mkuluyo anamasulidwa. Achimwene, ndinalira pakhonde pomwepo!

Chonde atumizireni jekete, chifukwa yawo ija inatha m'zigongono, ndipo awaitananso. Kalata yachiwiriyi walemba ndi kalaliki yemwe uja.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati