Moni wanga wathawitsa makasitomala a mwana

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni, ngakhale kuti masiku ano moni wanga anthu akumuthawa. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolamulira muli pakhonde monga mwa nthawi zonse? Ine thupi lili bwino, ndikudya. Mtima ndiwo suli m'malo, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, poti ena akakuuzani adzaikometsera nkhaniyi.

Mukudziwa kuti shopu yosoka ya mwana wanu, chisamba changa chija, yakula. Makina alipo atatu tsopano, ndi amayi awiri omuthandiza. Ntchito yanga ndi kukhala pampando wa pakhomo, kulandira anthu, kutola mapini pansi, ndi kuuza aliyense wonenepa kuti tepi yathu yoyezera ndiyo yafupika. Ine ndimamutcha Abwana, iye amanditcha Alonda. Tinkakhala bwino ndithu.

Mwezi wathawu mwanayu anati watopa ndi kuimbira makasitomala mmodzimmodzi. Ali ndi kope lodzaza ndi maadiresi a imelo, aja makalata ofika pa foni, anthu pafupifupi mazana anayi. Akuti pali makampani a pa intaneti amene umawapatsa mndandanda wonsewo, ukalemba kalata imodzi iwo n'kuimwaza kwa onse nthawi imodzi. Tinakhala patebulo lodulira nsalu, iye, mkamwini ndi ine, kuti tisankhe kampani.

Analipo atatu. Yoyamba inali yaulere, koma pansi pa kalata iliyonse imaikapo malonda akeake. Ine ndinati zimenezo ayi, kuli ngati kusoka suti ndi manja ako n'kumata dzina la telala wina pakolala. Yachiwiri inali ndi zonse, koma mkamwini ataona mtengo wake anayamba kutsokomola mpaka tinamupatsa madzi. Yachitatu inali yotchipa, kungoti imalola kutumiza maulendo khumi ndi awiri okha pa mwezi. Mwanayu ankakayika, akuti malirewo sakumusangalatsa. Ndine ndinaumirira. Ndinati telala wolembera anthu makalata oposa pamenepo ndiye kuti kusoka anasiya. Anaseka, n'kusankha yomweyo. Poona kuti ndimangokhala, anandiikiranso chinthu chotumizira makalatacho pa foni yanga ndi kundionetsa podina, kuti tsiku lina akatanganidwa ndidzamutumizire.

Achemwali, inu mukundidziwa. Amayi anatilera kuti munthu sudutsa mnzako osamufunsa mmene wadzukira. Ndiye taganizani, anthu mazana anayi ali m'thumba la malaya anga, ine n'kudzuka, kusamba, kumwa tiyi, osawapatsa moni? Zinandikanika.

Tsiku loyamba ndinangowafunsa mmene agonera. Lachiwiri ndinaonjeza kuti amene thalauza lasiya kutseka asanamizire sopo, abwere nalo tilikulitse, ife timasunga chinsinsi. Bambo wina wogulitsa matayala anayankha kuti ndamuseketsa mpaka tiyi anamutulukira m'mphuno. Ameneyo ndiye anandipha. Ndinadziona ngati wa pa wailesi. Ndinalemba m'mawa uliwonse, masiku khumi ndi awiri, osaphonya. Za malire zija, zimene ndinazitamanda ndi pakamwa panga pomwe, zinandichoka m'mutu. Mwanayu sanadziwe kanthu, poti dzina lake silili pa mndandanda, ndipo mutu wake unali pa nsalu.

Nsaluzo ndi za mayunifolomu. Anagula mipukutu yambiri poti sukulu zili pafupi kutsegulidwa, ndipo nyengo imeneyi ndiyo imadyetsa shopu chaka chonse. Cholinga chonse chofunira kampani ija chinali choti aitane makolo kudzayezetsa ana. Atakhala pansi kuti atumize uthengawo, foni inamukanira, akuti maulendo a mwezi uno atha. Ine ndinali pakhomo, ndinayamba kutola mapini amene panalibe.

Koma chachikulu si chimenecho. Pansi pa kalata iliyonse pali podina munthu akafuna kuchoka pa mndandanda, ndipo akachoka, kampaniyo sikulolanso kumulembera. Anachoka oposa zana, ambiri mwa iwo makolo omwewo. Akuti anatopa ndi mkulu wowafunsa za tulo tsiku lililonse.

Apa ndikanakhala chete zikanapola. Koma kampaniyo imaonetsa mayina a amene achoka, ndipo ndinaonapo dzina la mayi wina amene amasoketsa kwathu mayunifolomu a ana asanu. Kwawo ndimakudziwa, ndinkaperekako zovala. Ndinavala jekete, n'kupita kukagogoda kuti ndimve chimene ndawalakwira. Ndinkati ndi ulemu. Mayiwo anaima pachitseko osandilowetsa, nandifunsa kuti ndadziwa bwanji zimene adina pa foni yawo ali kuchipinda kwawo. Akuti kodi kushopu kwathu timasoka kapena timazonda anthu? Ndinayesa kuseka, ndinati maso angawa sathanso n'kulowetsa ulusi pa singano, azonda bwanji munthu. Sanaseke. M'mawa mwake anabwera kudzatenga miyeso ya ana awo, ndipo anauzanso makolo anzawo.

Mkamwini analipira ndalama zambiri zija tinkazithawa kuti malire achoke, uthenga unapita, koma unafika kwa otsala okha. Abwera ndi ochepa. Mipukutu ya nsalu yangoima pakona ngati alendo osowa wowalankhula. Mmodzi mwa amayi othandiza aja wauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba. Potuluka anandipatsa moni bwinobwino, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Mwanayu sanandikalipire. Anapempha foni yanga, anachotsamo chinthu chija, n'kundibwezera ndi manja awiri. Dzina la Alonda linathera pomwepo, tsopano ndine Bambo, ndipo amaliitana mwaulemu woopsa. Dzulo akudula nsalu, maso ali pa sizasi, anati nyumba ya kumudzi ikuonongeka popanda munthu, ndipo zingakhale bwino nditakapumulako. Akuti Loweruka kuli basi yabwino, ya mipando yofewa.

Achemwali, sindikufuna kubwera. Si kuti ndakutopani. Koma chimwalirireni mayi a ana, nyumba ija ikangoti zii ndimayamba kulankhula ndi mipando. Kuno kuli phokoso la makina, kuli anthu olowa ndi kutuluka. Komanso sindingachoke nditasiya nsalu za mwana zili chiimire chifukwa cha ine.

Kuyambira Lolemba ndikumayenda wapansi. Ndalemba timapepala ndi dzanja langa, tonena za mayunifolomu ndi pamene shopu ili, topanda nthabwala ngakhale imodzi, ndipo mudziwe kuti kulemba kotero kwa ine ndi matenda. Ndimaima pa mashopu a mabuku ndi nsapato za ana, pamene makolo akudutsa, n'kumawapatsa. Abwera atatu. Mwanayu sanawafunse amene wawatuma, inenso sindinanene.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire Loweruka lisanafike. Inu ndinu azakhali ake, mawu anu amawamva kuyambira ali wamng'ono. Musandiikire kumbuyo, poti ndalakwa ndithu, ndipo mukayamba kunditamanda adzadziwa kuti ndakutumani. Mungomupempha kuti andisiye mpaka sukulu zitatsegulidwa, ndimalize kuyenda ndi timapepalati. Nsalu zikadzakhala zilipobe, basi ndidzakwera ndekha osadikira kuuzidwa kachiwiri.

Akakana, musamukakamize, mwanayu wavutika kale. Mungouza alamu achotse mbuzi zawo m'chipinda changa, poti ndamva kuti ndimo zikugona, ndipo ine sindili pa msinkhu woti ndiyambe kukangana ndi tonde za malo ogona.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ngati khutu lawo labwino lili mbali yanu, kwa apongozi anu ndi adzukulu onse. Wamng'ono uja mumuuze kuti nsapato ndinamulonjeza zija sindinaziiwale, phazi lake lingodikira pang'ono osakula.

Tsalani bwino, ndipo foniyo muiimbe masana, akakhala kuti wadya.

Ndine mlongo wanu,
Mlonda woimitsidwa ntchito